Chinsalu

Ndine telala. Zaka zisanu ndi zinayi ndasoka makatani
m'kachipinda kakuseri kwa shopu ya Ismail ku Fordsburg,
makatani a nyumba za ku Sandton zimene sindinapondemo,
choncho ndikati nsalu ndimaidziwa, musanditsutse.

Chinsalu chofiirira chili kuseri kwa mpando wa Papa chija,
pa Jules Street, m'holo yomwe kale ankagulitsiramo matayala,
ndinasoka ndine. Mamita makumi atatu.
Masabata awiri osagona, singano zitatu kuthyoka.
Nditafunsa za malipiro anati, "M'bale Lifa, imeneyo ndi mbewu."
Mbewuyo mpaka lero sinamere,
koma galimoto ya Papa inaswa inzake.

Envelopu yoyera ya chakhumi. Yobiriwira ya mapepala,
ya ife amene masiku anatithera m'pasipoti,
amene tikaona vani ya polisi pa Bree timameza lilime.
Kabotolo ka mafuta, marandi mazana awiri.
Ndinadzola pachipumi, pa pasipoti, pa makina,
ndinapaka ndi pafoni pomwe
kuti Eluby kumudzi aleke kufunsa kuti ndibwera liti.

Ndiye usiku wina wa mu Juni magetsi anathima.
Chisanu cha ku Joni chimalowa m'mafupa ngati ngongole.
Ndinayatsa kandulo, n'kumasula Buku limene mayi anandikulungira m'chitenje.
Sindinatsegule paja Papa amatiuza,
pa nkhokwe ndi mazenera akumwamba,
tsamba limene linada kale ndi zala zanga.
Ndinangotsegula, ndekha, popanda wa kiyibodi kundiuza polira.

Ndinapezamo mmisiri wa matabwa wopanda adiresi,
amene anamuwolotsa malire usiku ali khanda
ngati mmene ena a ife tinadutsira pa Beitbridge.
Ndinamuona akugubuduza matebulo a osintha ndalama.
Ndinamuona pachitsime, dzuwa lili paliwombo,
akuuza mkazi wa mtundu wina
kuti phiri ili, kachisi uyo, zonsezi zikutha ntchito.
Sanam'patse envelopu. Anam'pempha madzi akumwa.

Kenako chinsalu.
Ndinawerenga kawiri, kandulo pafupi mpaka phula kudonthera pa tsamba.
Chinang'ambika kuyambira pamwamba.
Anzanga, nsalu ikakalamba imayamba kutha m'munsi,
momwe mapazi ndi tsache zimakhudza.
Ikang'ambika kuchokera kumwamba
ndiye kuti wina waigwira ndi manja awiri,
wachita dala.

Ndipo ndikudziwa zimene zinachitika kutacha,
ngakhale sizinalembedwe:
anaitanitsa telala.
Munthu ngati ine, ulusi kukamwa, lendi pakhosi.
Anati, soka msanga asanazolowere kulowa okha.
Kuyambira tsiku limenelo tikusokabe.

Lamlungu lapitali sindinapite.
Dikoni anaimba kasanu, kenako uthenga:
akuti ndachoka pansi pa chophimba.
Ndinaseka ndekha. Zoona, ndachoka.
Ndinakwera takisi ya ku Rosettenville kukaona Gomani,
uja anagwa pa sikafodi mu Epulo,
amene anamuuza kuti fupa likuchedwa chifukwa chikhulupiriro n'chochepa.
Ndinagula buledi pa shopu ya Msomali. Tinanyema, tinaviika mu tiyi.
Panalibe wolengeza, panalibe mbale yozungulira.
Tinali awiri basi,
ndipo paja ndinawerenga kuti awiri akwanira.
Ndinam'masulira thalauza kuti ilowe pa pulasitala.

Mantha alipobe, ndisaname.
Ndikadutsa pa Jules n'kumva ng'oma, miyendo imafuna kukhota yokha.
Nyimbo zija ndimazisowa,
makamaka alito ya mayi Nangozo, yosasa ngati chitseko chakale.

Lolemba Ismail anabwera ndi oda:
tchalitchi chatsopano ku Yeoville,
veleveti wofiira, mamita makumi anayi, ndalama yooneka.
Ndinayeza, ndinadula, poti lendi sidziwa vesi.
Mizere yonse ndinaiwongola, palibe angadandaule.
Koma pamwamba penipeni, pakati,
pomwe zigawo ziwiri zimakumana,
ndinasiya osasoka
mpata wokwana zala ziwiri.